Nyenyezi Yosaphethira

1. Manyazi pamchenga

Aroita anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu pamene amalume ake, a Toromon, anayamba kumuphunzitsa nyenyezi. Sikuti anamusankha chifukwa chomukonda ayi. Nzeruzo zinayenera kupita kwa mchimwene wake Kautu, koma Kautu anakana. Anati iye ali ndi kamakina kolozera njira kokwana m'thumba, ndipo analibe nthawi yothyola khosi kuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi.

Kwathu ku chilumba cha Kuria panalibe wosawadziwa a Toromon. Paunyamata wawo ankayendetsa bwato lathanga kuchoka pachilumba chathu kupita kuzilumba zina, popanda kampasi. Tsopano matenda a shuga anali atawadula mwendo umodzi, ndipo ukali umene kale ankauthera pa mafunde unkathera pa anthu.

Tsiku lina chisisira, mwezi wa Meyi, anakhala pagombe ndi Aroita. Chapafupi panali anyamata anayi akusoka ukonde.

"Tiyerekeze uli m'boti, ukuchokera ku chilumba cha Abemama, dzuwa lalowa," anatero a Toromon. "Kwanu n'kuti? Loza."

Aroita sanachedwe. Analoza nyenyezi yaikulu yoyera imene inali kumadzulo, yowala kuposa zonse.

A Toromon anamenya mchenga ndi ndodo yawo yoyendera.

"Mwana wa mlongo wanga, m'mutu mwakomu muli chiyani, madzi a kokonati? Miyezi itatu ndikulankhula, iwe ukumva ngati mphepo. Taiyang'ana bwino. Ikuphethira? Siikuphethira. Yangoti tong'o ngati diso la nsomba yakufa. Kumwambaku kuli eni mudzi, kulinso alendo. Eni mudzi amaphethira, ndipo aliyense ali ndi khomo lake. Pamene ankalowera m'nyanja agogo anga ali moyo ndi pomwe adzalowere iwe utamera imvi. Alendo alipo asanu. Aphunzitsi ako amawatcha mapulaneti, kaya, dzina silisintha khalidwe. Amayenda m'njira ya dzuwa ndi mwezi, ndipo saphethira. Walozayu ndiye wowala kuposa onse. Amatulukira anzake asanaoneke, ndipo sudzamupeza pamutu pako pakati pa usiku. Miyezi ina amasowa madzulo n'kukatulukira m'bandakucha, anthu n'kumati Nthanda, osadziwa kuti ndi yemweyo. Pali wina wamkulu, woyera, wodekha, amene amatha kuchezera usiku wonse. Pali wofiira ngati khala. Pali wachikasu wofooka, ndi wina wamanyazi amene sachoka pamsana pa dzuwa. Onsewo ndi okongola, ndipo onsewo alibe khomo. Ukatsatira munthu wopanda khomo, ukagona kuti?"

Anyamata aja anali atasiya kusoka. A Toromon sanatsitse mawu.

"Mng'ono wanga Beiatau anali wochenjera kuposa iwe. Anatsatira mlendo yemweyu ali ndi anzake awiri, pa ulendo wa theka la tsiku. Chilumba chathu n'chaching'ono ndipo chilibe phiri. Ukachiphonya pang'ono, kutsogolo kulibe china, ndi madzi okhaokha, ndipo madziwo amakokera kumadzulo. Sitima inatola boti lawo patatha masabata asanu ndi limodzi. Munali munthu mmodzi, ndipo sanali Beiatau. Amayi anga anamwalira akuyang'anabe kunyanja."

Kenako anamugwira chibwano ndi dzanja lawo lolimba, n'kumutembenuza nkhope. Anamuonetsa nyenyezi zitatu zondondozana, zimene zimalowa pakati penipeni pa kumadzulo. Anati atsatire mzere wake chokwera kumanzere, mpaka apeze nyenyezi yowala imene inkaphethira mosinthasintha mitundu. Imeneyo ndiyo Babaniman, ndipo mwezi umenewo aliyense wochokera ku Abemama ankayenera kuika mphuno ya boti pansi pake.

"Moni akaputeni," anatero mmodzi wa anyamatawo. "Mukatipititse ku Nauru tikaoneko kunja."

Onse anaseka. Aroita anachotsa dzanja la amalume ake pachibwano n'kuimirira.

"Ngati ndili chitsiru, muziphunzitsa ndodo yanuyo. Ine sindibweranso."

Kunyumba amayi ake anamuuza kuti akapepese. Iye anakana. Anamumana nsomba ya madzulo, koma anakanabe.

Chimene sanauze munthu n'chakuti ankafunitsitsa kuwagwira bodza amalume akewo. Madzulo aliwonse ankapita kuseri kwa khola la nkhumba ndi kope lake la masamu. Patsamba lomaliza ankajambula pamene panali nyenyezi yoyera ija, poyerekeza ndi nyenyezi ziwiri zamapasa zimene zinali pamwamba pake. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, zamapasazo zinali zitalikirene monga kale, koma yoyera ija inali itaziyandikira ndi zala zitatu. Aroita anang'amba tsambalo n'kuliponya m'khola.

2. Kunyamuka mochedwa

Sabata yotsatira Kautu anabwereka boti la gulu la asodzi kuti akatenge mkazi wake Ruiti ku Abemama. Ruiti anali atapita kwa makolo ake kukachira, ndipo khandalo linali litakwanitsa mwezi. Amayi anatuma Aroita kuti apite nawo, akathandize mlamu wake kunyamula mwana.

Anafika m'mawa, ndipo anayenera kubwerera dzuwa lili pamutu. Koma anzake a Kautu anali ndi mpira masanawo ndipo ankasowa goloboyi. Kautu anati akangosewera chigawo chimodzi. Anasewera zonse ziwiri, n'kukhalanso pansi kukangana za chigoli chimene woimbira anakana. Aroita ndi Ruiti anadikira pagombe ndi katundu, dzuwa likupendeka.

Atabwera, thukuta lili kamukamu, apongozi ake a Tabera anamuitanira pambali, koma mawu awo ankamveka.

"Akamwini, gonani. Mphasa zilipo, mpunga ulipo. Nyanja iyi ndaiwoloka zaka makumi anayi, ndipo sindinaionepo ikuthawa. Mawa mudzaipeza pomwepa. Masana munthu ukasokera umaona mbalame, umaona mtambo umene waima pamwamba pa chilumba. Mdima ukagwa zonsezo zimatha. Mukanakhala nokha ndikanati ndi moyo wanu. Koma mwanyamula mwana wanga, mwanyamulanso mdzukulu amene sanaponde n'komwe pansi. Manyazi obweza boti mochedwa amatha ndi sabata imodzi. Pali zina zimene sizitha."

Kautu anayankha mwaulemu koma mouma. Anati analonjeza eni boti kuti m'mawa alipeza, ndipo anatulutsa kamakina kake kuwaonetsa. Anati kameneka kamaona njira usiku ngati masana. A Tabera anayang'ana mwana wawo, Ruiti anayang'ana pansi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Pokwera boti, Aroita anafunsa mchimwene wake ngati anatenga mabatire ena.

"Ntchito yako ndi matewera," anatero Kautu.

3. Kamakina kazima

Anatuluka pakhomo la matanthwe ozinga chilumbacho nthawi itadutsa faifi koloko. Nyanja inali yabwino. Mitengo ya kokonati ya ku Abemama inafupika kumbuyo kwawo mpaka inamira. Dzuwa linalowa, ndipo Ruiti anafunditsa mwana nsalu yachiwiri.

Kenako kamakina kanalira kawiri n'kuzima.

Kautu anakagogoda pabondo. Anatulutsa mabatire, n'kuwaluma, n'kuwabwezera. Kanayaka pang'ono n'kuzimanso. Ruiti anafunsa motsitsa mawu za mabatire atsopano amene anamugulira. Kautu anakagogodanso. Aroita ankadziwa kumene anali: mu wailesi ya Kautu, imene inatsala kunyumba pamwamba pa sutikesi.

"Musade nkhawa," anatero Kautu. "Njira ndikuidziwa. Taonani uko."

Nyenyezi yoyera ija inali itatulukira, yokha mumlengalenga monse. Kautu anakankha chogwirira cha injini, ndipo boti linakhotera kumanja mpaka mphuno yake inaloza pansi pa nyenyeziyo.

Anafotokoza monyada kuti aka sikanali koyamba. Chaka cha dzana, tsiku limene anapita kukafunsira Ruiti, anabwerera mochedwa chomwechi, asanagule n'komwe kamakina. Anangotsatira nyenyezi yaikuluyi, ndipo inakamutula pagombe la kwathu ngati yamugwira dzanja.

Aroita anadikira kuti nyenyezi zina zioneke. Zitatu zondondozana zija zinatulukira kumanzere kwa boti. Babaniman anali kumanzere kwambiri, kutali ndi kumene ankalowera.

"Achimwene, imeneyo si nyenyezi ya kwathu. Ndi pulaneti. Imayenda."

"Zonse zimayenda. Khala pansi."

"Sindikunena kuyenda kolowa m'nyanja. Imasuntha malo. Pamene inali chaka cha dzana si pamene ili lero. Kwathu ndi uko, kumanzere."

Kautu anaseka, koma kuseka kwake kunalibe chimwemwe.

"Si iwe amene unachititsidwa manyazi pamchenga? Chilumba chonse chikudziwa kuti sutha kusiyanitsa nyenyezi ndi tochi. Lero ndiye uphunzitse ine? Ine ndinayamba kugwira injini iwe ukukodzabe pamphasa."

"Amalume anandinyoza chifukwa ndinaloza yomwe mukutsatirayo."

"Nkhalamba ija yakwiyira dziko lonse chifukwa cha mwendo wake. Ndati khala pansi. Ukalankhulanso ukasambira wekha kupita kumanzere kwakoko."

Aroita anayang'ana mlamu wake. Ruiti anali atakumbatira mwana, osayang'ana aliyense wa iwo. Kwathu mlongo satsutsa mchimwene wake pamaso pa mkazi wake, ndipo mkazi watsopano salowerera nkhani za pachibale. Aroita anakhala pansi.

Injini inkalira. Petulo anali mu thanki imodzi yokha, ndipo Aroita ataikankha ndi phazi anamva kuti yapepuka. Anawerenga mpaka mazana awiri. Boti silinasinthe njira.

4. Kachingwe kofiira

Pa injini za maboti athu pamakhala kachingwe kofiira, kamene ukakazula injini imazima ndipo siyakanso mpaka utakabwezera. Kautu sankakamanga padzanja. Kankangolendewera.

Aroita anadzuka ngati akukatenga chotungira madzi. Atafika kumbuyo anatambasula dzanja, n'kukazula, n'kukalowetsa mkati mwa bulauzi yake pachifuwa.

Injini inazima. Panatsala phokoso la madzi akumenya m'mbali mwa boti.

Kautu anaimirira mwaukali mpaka boti linapendeka ndipo mwana anayamba kulira.

"Bweretsa."

"Sindibweretsa."

"Aroita, wapenga? Wazimitsa injini pakati pa nyanja, muli khanda? Bweretsa ndisanakuswe."

"Ndimenyeni. Mukatha kundimenya kadzakhalabe pomwe kali."

Kautu anakweza dzanja. Koma kumene kunali kachingweko mchimwene sangafikeko, ngakhale atakwiya chotani. Dzanjalo linakhala m'mwamba, kenako linatsika n'kumenya thanki. Anamutukwana mawu amene sanawalankhulepo kwa mlongo wake. Anati ndi mfiti, anati sukulu yamuwononga, anati akafika kumtunda adzamuonetsa chimene chinameta nkhanga mpala. Kenako anauza Ruiti kuti amulande.

Ruiti sanasunthe. Ankagwedeza mwana mpaka anatonthola.

"Alamu," anatero, "ine nyenyezi sindizidziwa. Ndiuzeni zoti ndione ndi maso anga."

Aroita anapukuta misozi ndi mkono. Mawu ake ankatuluka odukaduka, koma anafotokoza. Anamuuza kuti ayang'ane yoyerayo, kenako ayang'ane ya kumanzere, anene imene ikuphethira. Ruiti anati ya kumanzere ikuphethira, yoyerayo yangoti duu. Anamuonetsa zitatu zondondozana, n'kunena kuti zimenezo zimalowa pakati pa kumadzulo chaka chilichonse. Ndiye anatembenukira kwa Kautu.

"Achimwene, mwawoloka pano kangati masana? Kuchokera ku Abemama, kwathu kuli kumanja kwa kumadzulo kapena kumanzere?"

Aroita anadziyankha yekha.

"Ngakhale mwana wa sitandade yoyamba amadziwa kuti n'kumanzere. Nanga tikufuna chiyani kumanja?"

"Inandifikitsa kwathu," anatero Kautu. "Ndinali ndekha m'boti. Iwe kunalibe."

"Ine ndinalipo," anatero Ruiti.

Onse awiri anamuyang'ana. Ruiti analankhula osadzutsa mutu. Anati tsiku limenelo anaima pagombe mpaka boti la Kautu linasowa, ndipo nyenyeziyo ankaiona pamwamba pa kachilumba kakang'ono ka kumanzere kwa nyumba yawo. Koma mwezi wonsewu, akamayamwitsa pakhonde madzulo, wakhala akuiona kumanja, kupitirira tchalitchi. Anati ankangoyesa kuti ndi nyenyezi ina.

"Bambo a mwana, khonde la kwathu silinasunthe."

Kautu anakhala pansi. Kenako anatambasula dzanja osamuyang'ana mlongo wake.

"Bweretsa. Ukakhale kutsogolo uziloza. Koma tikaphonya, udziwe kuti mwana uyu wamupha ndiwe."

Aroita anatembenuka, n'kutulutsa kachingweko, n'kukaika m'dzanja lake.

5. Pagombe

Anakhala pamphuno ya boti atatambasula mkono. Popeza anali atapatukira kumanja kwa nthawi, sanaloze pansi penipeni pa Babaniman. Analoza pang'ono kumanzere kwake. Kautu akakhota kwambiri Aroita ankamubweza ndi dzanja, ndipo iye ankabwerera.

Nyenyezi zitatu zija zinatsika n'kumira. Babaniman nayenso ankatsika, ndipo Aroita ankadziwa kuti akamira iye sadziwa ina yotsatira, chifukwa phunziro limenelo ndi limene analithawa. Mkono utachita dzanzi, anasintha wina. Kutsogolo kunali mdima wokhawokha.

"Chili kuti chilumba chakocho?" anafunsa Kautu. Patapita kanthawi anafunsanso, uku akugwedeza thanki kuti onse amve mmene yapepukira.

Amene anayamba kumva anali Ruiti. Anati akumva fungo la utsi wa makoko a kokonati. Kautu anachepetsa injini, ndipo onse anamva mkokomo wa mafunde akusweka pamatanthwe. Pang'ono kumanja kwa mphuno ya boti kunaoneka kamoto kamodzi, kenako kachiwiri, kenako mzere wakuda wa mitengo.

Palibe amene anathokoza mnzake. Kautu anauza Aroita kuti achoke kutsogolo chifukwa akumutchinga, ndipo analowetsa yekha boti pakhomo la matanthwe.

Pagombe panali anthu ambiri ndi nyale. A Tabera anali atatumiza uthenga pa wailesi ya pachilumba kuti boti lanyamuka madzulo, ndipo anthu anali atakoleza moto pamchenga. Amayi analowa m'madzi mpaka m'mawondo kukalandira mdzukulu. Bambo awo, a Burentau, anaima pouma atapinda manja, ndipo anadikira mpaka boti litakokedwa.

"Kautu, nthawi ino? Ndi khanda?"

Kautu anaponya chingwe pamchenga.

"Funsani mwana wanu wamkaziyu. Wazimitsa injini pakati pa nyanja, n'kubisa kachingwe m'zovala. Takhala tikungoyandama, madzi akutikoka, mwana akulira. Tikanafika kalekale."

Anyamata a ukonde aja analiponso, ndipo ulendo uno sanaseke. A Burentau anatenga nyale m'manja mwa munthu wina n'kuunika nkhope ya Aroita.

"N'zoona zimenezi?"

"Bambo, achimwene amatsatira..."

"Sindinakufunse za achimwene ako. Unazimitsa injini?"

"Inde, ndinazimitsa."

Amayi anagwira pakamwa. Mayi wina kumbuyo ananong'ona kuti mtsikana wotukwana amalume ake angalephere chiyani. A Burentau anabweza nyale ija kwa mwini wake.

"Tsogola kunyumba. Usavule n'komwe zonyowazo. Nkhani iyi sigona."

Aroita anayenda masitepe atatu n'kucheuka. Panali munthu mmodzi yekha amene anaona zonse, ndipo munthuyo anali atangoponda kumene pamudzi wa apongozi ake, mwamuna wake ataima pambali pake. Ruiti anali atawerama, akukonza nsalu ya mwana imene inali yokonzeka kale.